Kunja Kuno Kulibe Belu

Ana anga, mwakhoza. Ndiyambire pamenepo, pakuti ndi pamene mtima wanga uli. Mwakhoza, ndipo mwativeka ulemu. Tsiku lomwe zotsatira za MSCE zinatuluka, foni yanga sinapume. Anzanga omwe tinkaima nawo pamzere wa nsima pasukulu yathu ya Mpingo, ena pano imvi mbuu, ena akuyendera ndodo, ankangoimba mmodzimmodzi: “Wamva za ana athu?” Ndinamva. Amayi anu aluluta mpaka mawu kusasa. Abambo anu, amuna osazolowera kuonetsa chimwemwe, agwira tambala wamkulu uja n’kukamupereka kukhitchini osalankhula kanthu. Aphunzitsi anu akuyenda mapewa ali m’mwamba. Zonsezi n’zanu. Zilandireni ndi manja awiri.

Amene sanakhalepo m’holo ya mayeso a MANEB sadziwa kulemera kwa kanambala kamodzi papepala. Ife timadziwa. Timadziwa kuti 1 ndi 2 satola panjira, kuti kuyambira 3 kukafika 6 ndi thukuta lokhalokha, ndiponso kuti 9 amaliza munthu wamkulu. Timadziwa kuti amawonkhetsa maphunziro asanu ndi limodzi amene wachita bwino koposa, ndipo wa mapointi 6 ndiye wafika pansonga, palibenso pokwera. Timadziwanso kuuma mtima kwa Chingerezi: ukachilakwa, ngakhale masamu unawameza ngati phala, satifiketi suiona. Choncho kaya wapeza 6, kaya 13, kaya 24, ine ndikudziwa tulo timene unataya ndi njala imene unapirira.

Mwalowa mumzere wautali. Pamene Zomba Catholic inkatsegulidwa mu 1942, dziko lonse la Nyasaland linali ndi sekondale ina imodzi yokha, ya Blantyre, yomwe inayamba mu 1940. Abulazala a Marist anafika ku Mtendere mu 1946. Kuchokera nthawi imeneyo anyamata akhala akutuluka ku Likuni Boys, ku Marist, ku St Patrick’s ku Mzedi, ku Chaminade ku Karonga, ku St John Bosco ku Mzimba, n’kukakhala madokotala, ansembe, oweruza milandu, aphunzitsi. Zotsatira zikamatuluka, maina a sukulu za Mpingo sasowa pakamwa pa anthu. Ena amati pali mankhwala. Palibe mankhwala. Chimene chilipo ndikuuzani.

Koma khalani pansi kaye. Tambala uja adikire. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo ine ndabwera kudzatsina.

Chakukhozetsani n’chiyani? Mukuti nzeru. Inde, nzeru muli nazo. Koma nzeru zilinso ndi mwana wa ku CDSS ya kumudzi kwanu, amene amayenda mtunda wautali wapansi m’mimba muli gwaa, amene buku limodzi amagawana anthu asanu, amene akafika kunyumba amayamba wapita kudimba. Ena mwa iwo amakuposani mutu. Chimene inu munali nacho, chimene iwo analibe, ndi belu.

Likumbukireni belu lija. Linkalira kusanache, mwezi wa June, madzi akuluma ngati singano. Linkalira kukuitanirani ku Misa. Linkalira la phala, la m’kalasi, la nsima ya mgaiwa ndi nyemba zofumbwa, la kutchetcha ndi kukolopa, la ku mpira. Madzulo linkalira la pulepu, ndipo Bulazala ankayenda pakhonde pang’onopang’ono, kolona m’manja, osanena mawu, koma kalasi yonse ili zii. Pomaliza linkalira lozimitsa magetsi. Zaka zinayi zathunthu simunasankhe nokha nthawi yodzuka. Simunasankhe nokha nthawi yowerenga. Wina ankakusankhirani, ndipo ankasankha bwino. Munkadana nalo belu lija. Inenso ndinkadana nalo. Tsiku lotsiriza kulemba mayeso tinakuwa kuti sitidzalimvanso mpaka kalekale.

Ndipo n’zoona, simudzalimvanso. Kunja kuno kulibe belu. Ndibwereze kuti zilowe: kunja kuno kulibe belu.

Mvetserani za ine, chifukwa sindikunena za m’maluwa.

Ndinakhoza bwino ngati inu. Masiku amenewo wailesi inali imodzi yokha, MBC, ndipo maina a osankhidwa kupita ku yunivesite ankawawerenga pamenepo dziko lonse likumva. Dzina langa litatchulidwa, amayi anagwa pansi n’kugubuduka m’fumbi. Mudzi wonse unasonkhana pakhomo pathu. Agogo ena anandigwira kumutu n’kunena kuti mudzi wapeza nyali. Anthu sankadziwa zonse zimene zinalipiridwa kuti dzina lija limveke pawailesi. Ine ndinkadziwa. Bambo anga anali ndi ng’ombe ziwiri zapangolo. Ndili Fomu 3 fodya sanayende bwino, ndipo anagulitsa imodzi kuti fizi ikwane. Ngolo siyenda ndi ng’ombe imodzi. Inangokhala pansi pa mtengo wa mango, matayala n’kuphwa. Mlongo wanga, amene kupulaimale ankandiposa masamu, anauzidwa kuti ayambe wadikira kufikira achimwene ake amalize. Anadikira.

Ndinafika kukoleji ndi sutikesi ya bambo anga. Masabata oyamba ndinkadzuka 5 koloko, thupi likumvabe belu lomwe kunalibe. Kenaka ndinazindikira chinthu chimene chinandikomera ngati uchi: palibe amene ankawerenga mitu. Ukagona, palibe wogogoda. Ukajomba, mphunzitsi amangophunzitsa omwe abwera n’kunyamula mabuku ake. Lamulungu palibe woyang’ana ngati benchi yako ili ndi munthu. M’thumba munali kandalama kanga ndekha koyamba m’moyo. Ndinati uwu ndiye ufulu.

Sindinagwe tsiku limodzi. Palibe amene amagwa tsiku limodzi. Ndinayamba ndi kujomba phunziro loyamba la Lolemba, chifukwa Lamulungu usiku tinachedwa kumowa. Ndinati ndikopera kwa mesho wanga. Kenaka Lolemba lonse. Kenaka Lachisanu linayamba kuthera masana. Misa ndinaisiya mwakachetechete, osakangana ndi Mulungu, osakangana ndi munthu, kungoti sabata ino ndatopa, ndipita sabata yamawa. Mumtima ndinkadzitonthoza ndi mawu amodzi: ine ndine wanzeru, ndinachokera kusukulu yodziwika, ndikawerenga masiku atatu ndikhoza. Ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo. Chaka choyamba ndinapulumukira pa masapu. Limenelo linali chenjezo, koma ine ndinalitenga ngati umboni woti ndine dolo. Pakadafunda padajiwitsa galu. Chaka chachiwiri kalata inabwera. Ophunzira amati kuwididwa, ndiye kuti kuzulidwa ngati udzu m’munda wa chimanga. Ndinawididwa. Palibe amene anandilakwira. Aphunzitsi anachita ntchito yawo. Ndinadzizula ndekha.

Basi inanditsitsa pamsika wa kwathu dzuwa lili pamutu. Ndinakhala kuseri kwa chigayo mpaka mdima, kuopa maso a anthu omwe anandiperekeza ndi nthungululu. Nditalowa m’nyumba, amayi anayang’ana sutikesi, n’kuyang’ana ine, n’kufunsa kuti, “Wadya?” Bambo anga anawerenga kalata ija pa koloboyi, kawiri, milomo ikugwedera. Anaipinda bwinobwino. Sanandikalipire. Sanandimenye. Akanandimenya bwenzi zitapepuka. M’mawa mwake ndinawaona ataima pansi pa mango paja, dzanja lili pa ngolo. Anaima nthawi yaitali. Kufikira lero, ndikatseka maso, ndimawaona ataima pamenepo.

Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Mowa ndinamwa ine, koma mutu unapweteka bambo anga. Tulo ndinagona ine, koma amene anadzuka wopanda tsogolo ndi mlongo wanga. Sanabwererenso kusukulu. Anakwatiwa ali wamng’ono, ndipo mpaka pano amalima ndi khasu. Sanandinenepo mawu oipa ngakhale tsiku limodzi. Ndikapita kwawo amandiphera nkhuku, amandigwadira pondipatsa madzi, ndipo nsimayo imandikakamira pakhosi.

Sizinathere pomwepo. Munthu wamanyazi amafunafuna pobisala, ndipo ine ndinabisala mwa mtsikana wina wa Fomu 2 amene ankandionabe ngati munthu wa ku yunivesite. Anatenga mimba. Akuluakulu anakhala pabwalo, ankhoswe analankhula, bambo anga analipira mlandu ndi ng’ombe yotsala ija. Mtsikanayo sukulu inathera pomwepo. Ine ndinathawira kutauni. Mwana wanga woyamba anakula osandidziwa, ndipo pamene ndinadzapita kukamupepesa anali kale ndi ndevu. Anandilandira mwaulemu, monga alandirira mlendo. Mawu oti “bambo” sanatuluke m’kamwa mwake, ndipo ndinalibe mphamvu yowapempha. Atsikana awiri, ana anga. Mlongo wanga ndi mayi wa mwana wanga. Onse awiri anasiya sukulu chifukwa cha mnyamata mmodzi wa mapointi abwino.

Pa za atsikana ndiime pang’ono, chifukwa apa ndi pamene anyamata a sukulu zathu timaterereka kwambiri. Mwakhala zaka zinayi pakati pa amuna okhaokha. Mtsikana mwakhala mukumuonera patali, pa tsiku la masewera kapena pa kwaya, ndipo zambiri zimene mukudziwa za iye munazimva kuhositelo magetsi atazima, kwa anzanu amene nawonso sadziwa kanthu. Zimenezo ndi nkhambakamwa. Mtsikana ndi munthu. Ali ndi mutu, ali ndi maloto, ali ndi bambo amene anagulitsanso mbuzi zake. Kukoleji mukakumana ndi atsikana a ku Marymount, a ku Providence, a ku Stella Maris, a ku Likuni Girls, ndipo ena akakuposani m’kalasi. Musakakwiye. Kaphunzireni kwa iwo. Ndipo kumudzi kuno, kamtsikana ka Fomu 1 kakamakusekererani chifukwa mwakhoza, thawani. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Mwana ndi mwana, ngakhale atakula thupi. Nkhani imene kale inkathera pabwalo la amfumu lero imathera kundende. Koma ngakhale kukanakhala kopanda ndende, ndikanakuuzani chimodzimodzi. Musathyole tsogolo la mwana wa eni. Silimangika.

Inu muli ndi msampha wina umene ife tinalibe, ndipo uli m’thumba mwanu. Ife kuti titaye ndalama tinkayenda wapansi kukafika kumowa. Inu mukhoza kumaliza fizi ya teremu yonse muli gone pabedi, chala chili pa foni, mukuyang’ana kandege ka juga kakukwera. Ndaona mnyamata akulira ngati wafedwa chifukwa ndalama imene amayi ake anatumiza pa Mpamba inatha usiku umodzi. Juga ndi juga, ngakhale itavala chovala cha mpira. Amene anaikonza sanaikonze kuti inu mulemere. Chikomekome cha mkuyu, m’kati muli nyerere. Za timabotolo ta mowa wotchipa woyaka ngati palafini sindichulutsa mawu. Pitani kumanda a kwanu mukawerenge zaka zolembedwa pamitanda.

Ngozi yoyamba sikudikirani kukoleji ayi. Ili pakhomo panu, miyezi ino. Kuchokera pamene zotsatira zatuluka kufikira pamene a NCHE adzatulutse maina, ndi kufikira tsiku lodzanyamula sutikesi, pali miyezi yambiri yopanda mwini. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Anzanu amene simunawaone zaka zinayi abwera kudzakutengani kuti mukasangalale. Pitani tsiku limodzi, sindikukanizani. Tsiku lachiwiri gwirani khasu. Pitani kumunda ndi bambo anu. Manja amene agwira cholembera sathyoka ndi mpini. Pitani kupulaimale imene munaphunzira mukapemphe kuthandiza ana a Sitandade 8 masamu. Phunzirani kompyuta, phunzirani kuwotcherera, phunzirani kuyendetsa galimoto ngati mpata ulipo. Chitani chilichonse chimene chili ndi nthawi yoyambira ndi nthawi yowerukira. Mnyamata amene wazolowera kudzuka 10 koloko kwa miyezi isanu ndi itatu sadzadzukanso 5 koloko chifukwa choti wafika ku Zomba.

Ena mwa inu mudzaitanidwa ku UNIMA, ena ku MUBAS kapena ku KUHeS, ena ku Bunda, ku Mzuni, ku MUST ku Thyolo. Ena makolo adzayesetsa za yunivesite ya ku Nguludi. Kulikonse kumene mukapite, sabata yoyamba yomweyo khalani pansi ndi pepala. Lembani nthawi yodzuka. Lembani nthawi ya pulepu, inde pulepu, maola omwe aja a madzulo, ngakhale anzanu akuseke kuti ndiwe mwana wa ansembe. Asiyeni aseke. Amene ankaseka mesho wanga, ine ndinali patsogolo pawo, ndipo iye lero ndi dokotala wa ana. Phunziro loyamba la Lolemba musalijombe, ngakhale kugwe mvula ya matalala. Musalijombe. Ndi pakhomo pamene mbala imalowera. Chimene simunamve funsani tsiku lomwelo, chifukwa safunsa anadya phula, ndipo kumeneko mphunzitsi sadzakulondolani kuhositelo ngati ankachitira Bulazala. Mukapeza ngongole ya boma yolipirira maphunziro, kumbukirani dzina lake. Ndi ngongole. Si mphatso ya pa chikondwerero. Idzakulondolani, ndipo pambuyo panu pali mng’ono wanu amene akudikira kuti mubweze kuti nayenso apeze.

Sankhani bwino wokhala naye. Sindikunena kuti muzidana ndi anthu. Koma yang’anani munthu amene mukudya naye tsiku ndi tsiku, chifukwa mudzafanana naye kusanathe chaka. Pezani mnzanu mmodzi amene angathe kukugwedezani phewa m’mawa n’kunena kuti dzuka, ndipo inunso muzimuchitira chomwecho. Mutu umodzi susenza denga.

Misa musaisiye. Ndikudziwa kuti ena mwa inu si Akatolika. Sukulu zathu zimalandira a CCAP, a Seventh Day, Asilamu, ndipo tonse tinkadya m’mbale zofanana. Kumene mumapemphera, pitani kumeneko. Ine sindine wansembe ndipo sindikulalikirani. Ndikungonena zimene ndinaona pa ine ndekha: tsiku limene ndinasiya kugwada ndi tsiku limene ndinasiya kudzifunsa mafunso. Ola limodzi lija la Lamulungu linali malo okhawo amene ndinkakhala chete n’kukumbukira kuti ndine mwana wa yani, ndipo ndinatumidwa kudzatani. Nditalitaya, panalibenso mawu ena m’khutu mwanga koma a anzanga akumowa.

Tsopano iwe mwana wanga amene wakhala kumbuyo, amene mapointi ako sanafike pomwe unkafuna. Ndakuona. Anzako akujambulitsa zithunzi, iwe ukumwetulira ndi mano okha. Malo m’mayunivesite a boma ndi ochepa kuyerekeza ndi amene amayenera kulowamo, ndipo chaka chilichonse ana okhoza bwino amatsala. Kutsala si kufa. Ukhoza kulembanso. Ukhoza kupita ku Namitete, ku Soche, ku Nasawa, ku Salima, ukaphunzire zamagetsi, zomangamanga, zamipope, zokonza magalimoto. Usanyoze ovolosi. Yosefe Woyera, amene chithunzi chake unkachiona m’tchalitchi tsiku lililonse, anali mmisiri wa matabwa. M’kalasi mwathu munali mnyamata amene sanamveke pawailesi tsiku lija. Analira, kenaka anapita kukaphunzira ukalipentala. Pamene ine ndinkazungulira m’tauni ndi envelopu yofunira ntchito, amene anandipatsa ganyu yolemba malisiti mushopu yake ndi iyeyo. Tsokonombwe anatha mtunda n’kudumpha. Koma usathamangire ku Joni chifukwa cha manyazi, wopanda mapepala, wopanda luso m’manja. Manyazi amatha. Zaka zotayika sizibwerera.

Ndipo inu a mapointi ochepa, musamutaye mnzanuyo. Munagona chipinda chimodzi, munabwerekana sopo ndi shuga. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Muimbireni foni. Mukamuone kwawo.

Za makolo anu ndinene mwachidule, poti mukuzidziwa. Musanapite kulikonse, khalani pansi ndi amayi anu muwafunse kuti fizi ya Fomu 3 inachokera kuti. Afunseni mwachifatse, ndipo musawalole kuti azembe funsolo. Mudzamva za mbuzi, za ngongole ya ku banki m’khonde, za chitenje chimene sanagule zaka zitatu, za mlongo wanu amene anauzidwa kuti adikire. Mukamva, musunge. Ndipo mukadzabwera patchuthi, Chingerezi chanu muchisiye pamsewu. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Ine ndinadzuka mochedwa, koma ndinadzuka. Mnzanga kalipentala uja ndi amene anandiuza tsiku lina, maso ndi maso, kuti ndikununkha mowa pamaso pa makasitomala ake ndipo asandionenso choncho. Ndinagula wotchi ya belu pamsika ndi malipiro a mwezi umenewo. Ndinaitchera 5 koloko. Ndinalowa kosi ya uphunzitsi, ndinaphunzitsa kupulaimale zaka zambiri, ndipo digiri imene anzanga anaitenga ali anyamata ine ndinaitenga ndili ndi zaka zopitirira 40, ndikuwerenga usiku ana atagona. Tsiku lovala gauni amayi analipo, atakalamba, akuyenda mogwiririra mlongo wanga. Bambo anga panalibe. Anali atagona kale kumanda zaka zisanu ndi chimodzi. Ng’ombe zawo sindinawabwezere. Ndinkati ndidzagula ndikadzapeza bwino, ndipo pamene ndinapeza bwino panalibenso wozilandira. Goli lawo lili kwanga, ndinalipachika m’chipinda chimene ndimawerengeramo.

Mawu a akuluakulu akoma akagonera, ndipo ndikudziwa kuti lero, nyimbo zikulira, tambala ali pamoto, ambiri mwa inu mwamva ndi khutu limodzi. Sindikukwiyirani. Nanenso Bulazala wina wokalamba anatiuza zonga zomwezi sabata yathu yomaliza, ine n’kumayang’ana pawindo. Komabe ndalankhula, chifukwa inu simunagwe. Sutikesi yanu ikadali yopanda kalata. Alongo anu mwayi wa sukulu akadali nawo. Abambo anu akadali moyo, ndipo akuyang’anani ndi maso amene anga anandiyang’ana nawo tsiku la wailesi lija.

Pa Misa yothokoza ndidzabwera. Ndidzakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko, pamene timakhala ife akale. Mukadzatuluka mudzandipatse moni, ndidzakugwireni chanza mmodzimmodzi, chifukwa mwandisangalatsa kwambiri. Za mapointi sindidzafunsa, ndazimva kale. Ndidzangofuna kudziwa kuti tsiku limenelo mwadzuka nthawi yanji, ndipo wakudzutsani ndani.